Dothi la Pabwalo la Mabatire

Inu amene mwakhala pansi lero chifukwa dzina lanu silinatuluke pomwe mumaliyembekezera, sendezani mpando pafupi. Ndikuuzeni za mayi wina amene anafunafuna dzina lake pakhoma kawiri konse, osalipeza.

Kachiwiriko anaima pa bolodi la zotsatira za mayeso a unamwino mpaka anzake onse atabalalika. Anayendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi. Anabwerezanso kuchokera pansi kupita pamwamba, ngati kuti dzina lingabisale kumbuyo kwa linzake. Panalibe. Malamulo a sukuluyo sankalola munthu kulemba kachitatu. Zaka zitatu zinathera pomwepo, pa pepala lokhomedwa ndi timisomali tinayi.

Makolo anali atamwalira kalekale. Kopita kunali kumodzi kokha: kwa mchimwene wake, mumsewu wa kuseri kwa magalaja. Anafika masana ndi chikwama chimodzi ndi katoni ya mabuku. Mchimweneyo sanafunse zambiri. Anangoyang'ana katoniyo n'kunena kuti, "Mabukuwo ika pamwamba pa kabati, chiswe chingawadye. Mawa ntchito ilipo."

Pakhomopo ana ankamuitana Zakhali, akuluakulu nawo n'kutengera pomwepo. Mumsewu munali ena a pakamwa poyabwa. Akamuona akudutsa ndi ndowa ankakuwa, "Anesi! Tabwerani mutibaye jakisoni!" Iye ankangofulumiza miyendo.

Ntchito ya mchimwene wake inali ya mabatire akale a galimoto. Ankawagula kwa amakaniko, kuwaswa ndi nkhwangwa, kukhuthulira asidi wake m'ngalande, n'kusungunula zitsulo zamkati mu mgolo wodulidwa pakati. Chotuluka mmenemo chinali mtovu, chitsulo chofewa koma cholemera, chotuwa ngati phulusa. Ankauthira m'zikombole, ukazizira anthu a lole n'kubwera kudzautenga. Mumsewumo mabanja anayi ankadya za ntchito yomweyo.

Gawo la Zakhali linali kutsuka zigoba za mabatire. Pasanathe mwezi, madiresi ake onse anali atabowokabowoka ndi asidi. Fumbi lotuwa linali paliponse: pa mazenera, pa mbale zouma pathandala, m'tsitsi la ana. Palibe ankalilabadira. Ankati fumbi ndi fumbi.

Mtima wa Zakhali sunkakhala m'malo. Akamaliza kutsuka ankasesa pomwe wasesa kale. Akakhala pansi, phazi limodzi linkangogunda pansi lokha mpaka mlamu wake kudandaula kuti, "Alamu, mutigwetsera tiyi."

Pakhomopo panali kamtsikana ka zaka zitatu, mwana womaliza wa mchimweneyo. Ankamutcha Kamphepo chifukwa sankadziwa kuyenda, ankangothamanga. Zakhali atakhala miyezi isanu, Kamphepo anasiya kuthamanga. Ankangokhala pakhonde atagwira mimba, zala zili mkamwa. Chakudya kukana. Kuchimbudzi masiku atatu osapita. Ukangomukhudza, kulira kwake ngati wamutsina.

Mayi ake anamubereka kupita naye kuchipatala. Anamuyeza malungo: palibe. Anati magazi ndi ochepa, n'kumupatsa mapiritsi. Patatha milungu itatu anabwererakonso. Malungo palibe. Mapiritsi omwewo.

Ulendo wachitatu anapita naye Zakhali. Pabenchi la odikira sanathe kukhalapo. Ankangoyendayenda mwana ali kumsana, kuchoka pakhomo kufika pa mpopi, kubwerera. Pakuyendayenda pamenepo anayamba kuzindikira nkhope. Mayi wogulitsa makala wa mumsewu mwawo, ali ndi mwana. Mkazi wa telala, ali ndi mwana. Anawerenga. Asanu ndi mmodzi, onse a mumsewu umodzi, pamzere wa anthu ochokera mbali zonse za tauni.

"Wanu watani?" Zakhali anafunsa mayi wamakala.

"M'mimba, chemwali. Komanso wangosanduka wolusa. Malungo akuti palibe."

"Nanga wanu?"

"Chimodzimodzi," anatero mkazi wa telala. "Dzulo anakomoka, maso kutembenuzika."

Atabwerera kunyumba, Zakhali anachotsa kalendala yakale pakhoma, anaitembenuza, n'kujambula msewu wawo kumbuyo kwake, nyumba ndi nyumba. Masiku asanu ndi anayi anayenda khomo ndi khomo akufunsa za ana. Ena ankamupatsa mpando. Ena ankamuyankhira pazenera kuti, "Udokotala mwauyamba liti?" Mwana aliyense wodwala ankamuikira kadontho. Pa nyumba ina anaika mtanda, chifukwa mwana wa pamenepo anamwalira dzinja lapitalo.

Madontho anakwana makumi awiri ndi atatu. Sanamwazikane ayi. Anaunjikana mozungulira mabwalo anayi a mabatire, ndipo mulu waukulu unali pa bwalo la mchimwene wake.

Anatsitsa katoni ija pamwamba pa kabati. M'buku lina munali kandime kakafupi konena za mtovu. Kandime kameneka ankakadumpha powerenga, chifukwa aphunzitsi ankati sikabwera pa mayeso. Tsopano anakawerenga ataimirira: kupweteka m'mimba, kudzimbidwa, kuchepa magazi, kulusa, kukomoka, ubongo wa mwana kuwonongeka. Anasuzumira pazenera. Kamphepo anali atakhala pafupi ndi mgolo, akunyambita dothi m'manja.

Buku linagwa pansi. Anathamanga, anamunyamula mwanayo, n'kumutsuka manja mpaka mwana kulira.

M'mawa mwake anapita kukafuna dokotala wa ana. Kalaliki anamubweza: opanda kalata salowa. Anabwera mawa lake, anamubwezanso. Tsiku lachitatu sanapitenso kwa kalaliki. Anaima m'khonde la pakati pa mawodi, ndipo dokotalayo atatulukira, mayi wamfupi woyenda ngati akuthamangitsidwa, Zakhali anayenda naye limodzi atatambasula kalendala.

"Ndinu namwino wa kuti?" anafunsa dokotala osaima.

"Sindine namwino, adokotala. Ndinalephera. Kawiri."

Dokotala anaponya diso pa kalendalayo. Anayenda masitepe atatu, kenako anaima.

"Mabwalo anayiwa amachitapo chiyani?"

"Amasungunula mabatire."

Dokotala anayang'anitsitsanso kalendalayo. Kenako anati, "Tamverani. Ana amenewa ndimawaona sabata iliyonse, koma ndimawaona mmodzimmodzi. Sindinadziwe kuti amachokera pamodzi. Vuto ndi ili: makina oyezera mtovu m'magazi pano tilibe. Magazi tiyenera kutumiza kutali, ndipo akuluakulu sangandilole chifukwa cha kalendala. Ine ndimadziwa za m'thupi la mwana, za dothi sindidziwa kanthu. Mundibweretsere umboni kuti mtovu uli m'dothi lanulo."

"Woyeza dothi ndimupeza kuti?"

"Sindikudziwa. Zaka khumi ndi zisanu pa ntchito ino, sindinafunepo kuyeza dothi."

Zakhali anafunsa m'sitolo yogulitsa mbewu ndi feteleza. Anamulozera ku koleji ya zaulimi, kumapeto kwenikweni kwa tauni. Anayenda maola awiri wapansi atanyamula dothi m'mapepala a shuga.

Kumeneko anapeza mphunzitsi wa za nthaka, bambo wa imvi, m'chipinda chonunkhira dothi lonyowa. Anamvetsera nkhani yonse akupukuta magalasi.

"Mayi," anatero, "ine ndimayeza dothi la chimanga ndi nyemba. Ana sindilima."

"Koma dothi mumalidziwa, aphunzitsi."

"Ili mwatapa ndi chiyani?"

"Ndi supuni."

"Supuni imodzi pa malo onse, osatsuka? Ndiye mwandibweretsera chisokonezo, osati dothi."

Anamupatsa timatumba toyera ndi magolovesi. Malo aliwonse kathumba kake. Supuni kutsuka ukangotapa. Kulemba pomwe watapa. Mphunzitsiyo anaulula pambuyo pake kuti ankangofuna kumuchotsa mwaulemu, sankaganiza kuti amuonanso.

Tsiku lachitatu Zakhali anali pakhomo pa mphunzitsiyo ndi timatumba makumi anayi, kalikonse ndi nambala yofanana ndi ya pa kalendala.

Mphunzitsi anatulutsa kachipangizo kooneka ngati choumitsira tsitsi, kamene ukakaloza pa dothi kamasonyeza zitsulo zili mkatimo. Anakaloza pa kathumba ka pakhonde la mchimwene wa Zakhali. Anayang'ana nambala. Anakagogoda kachipangizoko ndi chala. Anatuluka panja kukayeza dothi la pa maluwa, nambala inali yabwinobwino. Anabwerera, anayezanso kathumba kaja. Anavula magalasi.

"Pamalo pamenepa pamasewera mwana?"

"Amadyera pomwepo."

"Apa mtovu wapitirira mlingo wololedwa kuwirikiza makumi atatu." Anatola makiyi a galimoto patebulo. "Tiyeni kwa dokotala wanuyo."

Kuuza dokotala kunali kosavuta. Kovuta kunali kuuza mchimwene wake.

Anamupeza akuthira mtovu m'zikombole, thukuta lili kamukamu. Anadikira kuti aike chikombe pansi.

"Achimwene, chikudwalitsa Kamphepo ndi mgolo uwu."

Mchimweneyo anamutembenukira. "Iwe, mayeso unalephera kusukulu. Lero ukufuna ukhoze pa ine?"

"Dothi layezedwa. Pepala ndi ili."

"Zaka khumi ndikusungunula. Ndafa?"

"Inu ndinu wamkulu. Komanso mutu umene umakupwetekani masana aliwonse, mukuyesa ndi dzuwa?"

"Ukudya chiyani pakhomo pano? Sopo amene wasambira lero wachokera kuti? Tenga katoni yako."

Anatengadi katoni yake. Mayi wamakala uja anamupatsa kachipinda kosungiramo matumba. Mbiri inayenda mumsewu monse kuti Zakhali akufuna kutseketsa mabwalo. Amene ankamuseka anasiya kumuseka, anayamba kumulavulira akadutsa.

Patatha masiku awiri, m'mamawa anthu akutunga madzi, Kamphepo anagwa. Thupi linauma, mano kulumana. Mayi ake sanathamangire kwa mwamuna wawo, anathamangira ku kachipinda ka makala. "Alamu, mwana!" Anasinthana kumubereka mpaka kuchipatala.

Nthawi iyi dokotala anali ndi pepala la mphunzitsi wa za nthaka m'manja, ndipo akuluakulu anavomera. Magazi anatumizidwa. Zotsatira zitabwera, mwanayo anayambitsidwa mankhwala okoka mtovu m'thupi. Koma dokotala sanamwetulire.

"Mankhwala ndimupatsa," anauza Zakhali. "Akachira ndimubwezera kuti? Pabwalo lomwelo? Ndiye ndikungotunga madzi ndi dengu lobowoka."

Anayamba kukumana m'kachipinda komwera tiyi kuchipatalako: dokotala, mphunzitsi wa za nthaka, ndi mkulu wa zaumoyo wa ku khonsolo. Zakhali ankaima pafupi ndi chitseko, poti mipando inali itatu. Dokotala ankalankhula manambala a magazi. Mphunzitsi ankalankhula manambala a dothi. Aliyense ankaona ngati mnzake akuchedwetsa zinthu. Wa ku khonsolo anali ndi yankho limodzi lokha: kubwera ndi apolisi, kulanda migolo, kutseka.

Misonkhano iwiri inatha ndi tiyi wozizira. Pa wachitatu Zakhali analephera kudzigwira.

"Pepani mabwana. Mukalanda migolo lero, mawa agula ina. Koma sadzasungunuliranso panja. Adzasungunulira m'nyumba, zitseko zotseka, ana ali momwemo. Ndimawadziwa, ndi abale anga. M'chipinda muno amene anagwirapo batire ndine ndekha. Itanani eni ntchito."

Wa ku khonsolo anakweza nsidze. "Chemwali, uku ndi kafukufuku. Ndi nkhani ya anthu ophunzira."

"Timatumba makumi anayi tija anatapa ndi mayiwa, bwana," anatero mphunzitsi. "Ine ndinangodina batani."

Eni mabwalo anakana kubwera. Amene anavomera anali wowotcherera zitsulo wa pakona, bambo wanthabwala amene ankawadulira migolo ndi kuwapangira zikombole onse anayi. Analowa m'kachipindako magalasi akuda ali pachipumi, ovolosi ili mabowo okhaokha.

"Mundikhululukire mabwana, suti yanga ikadali m'sitolo."

Koma atamva nkhani anasiya nthabwala. Anabwereka cholembera cha dokotala n'kujambula ng'anjo yotsekeka, ya chumuni chachitali, kuti utsi uzipita kumwamba osagwera pabwalo. Aliyense anagwedeza mutu movomereza. Kwa nthawi yoyamba onse anayang'ana pa pepala limodzi.

Ng'anjoyo inatenga milungu isanu ndi umodzi. Mwini bwalo mmodzi analola kuti ayesere kwake. Tsiku loyatsa, utsi unakwera mowongoka, anthu n'kuomba m'manja. Wowotcherera anavula chipewa ngati waimba nyimbo.

Mphunzitsi yekha sanaombe. Anapatsa Zakhali timbale tomata togwira fumbi kuti aike pa madenga ndi pa mipanda, pafupi ndi patali, kwa mwezi wathunthu. Zakhali anakwera makwerero nyumba khumi ndi ziwiri. Mwezi utatha anatsitsa timbaleto.

Pabwalo la ng'anjo fumbi linali litachepadi. Koma silinathe. Chumuni chinangolinyamula n'kukalitaya patali, ndipo kambale kodetsedwa kwambiri kanali ka pa mpanda wa sukulu ya mkaka, misewu iwiri kuchokera pamenepo.

Ng'anjo anaizimitsa tsiku lomwelo. Dokotala anamenya tebulo. Wa ku khonsolo anati, "Ndinanena ine." Wowotcherera anakhala pansi manja ali pakati pa mawondo. Zakhali anatuluka. Anayenda msewu wawo kuchokera kumtunda mpaka kumunsi, kubwerera, kupitanso, mpaka mayi wamakala anamugwira dzanja.

"Chemwali, nsapato zitha."

"Ndalepheranso, mayi. Ndipo nthawi ino ndalepherera ana a eni."

"Nanga akanapanda kuyeza, mukanadziwa? Khalani pansi mumwe madzi."

Anamwa madziwo ataimirira. M'mawa mwake anayenda kwa onse anayi a pamsonkhano paja, mmodzimmodzi, kuwapempha kuti akumanenso kamodzi kokha.

Pa msonkhano umenewo chitseko chinagogodedwa. Anali mchimwene wa Zakhali. Milungu yonseyi ankabwera kuchipatala masana aliwonse, kukhala pambali pa bedi la mwana wake. Kamphepo, amene kale ankamuthamangira akukuwa "Ababa! Ababa!", tsopano ankangomuyang'ana, mawu osatuluka.

Anaima pakhomo atagwira chipewa ndi manja awiri. Anapewa kuyang'ana mlongo wake m'maso.

"Ndamva za chumuni," anatero. "Musavutike nacho. Batire likangosweka, fumbi latuluka kale. Nkhwangwa yokha imatulutsa fumbi, moto usanayake. Njira ndi imodzi: osaliswa."

"Osaliswa ndiye mudya chiyani?" anafunsa dokotala.

"Anthu a lole aja mtovu amapita nawo ku fakitale yaikulu, ya makina ogwira utsi. Fakitaleyo imalandiranso mabatire athunthu. Koma imafuna lole yodzaza, komanso osadontha asidi panjira. Ndekha sindingadzaze lole. Anayi tonse tingadzaze."

Wowotcherera anadzuka ngati wakhala pa msomali.

"Bokosi losadontha? Limenelo ndiye langa! Chumuni chinandichititsa manyazi, koma bokosi ayi."

Zitatero, aliyense anapeza pogwira. Wa ku khonsolo anakumbukira malo ena opanda ntchito kutali ndi nyumba, pomwe mabatire angasonkhanitsidwe. Mphunzitsi anati pansi pake pakhale simenti yotsetsereka, kuti chotayika chisalowe m'nthaka. Dokotala anati mwana aliyense wa mumsewumo wosafika zaka zisanu ndi chimodzi ayezedwe magazi. Mchimweneyo anawafotokozera momwe batire limang'ambikira likagwedezeka pa lole, wowotcherera n'kumasintha chojambula chake pomwepo.

Potuluka, mchimweneyo anaima pambali pa Zakhali m'khonde. Anakanda kumutu.

"Alamu ako akuti katoni ija ibwerere pa kabati."

"Alamu okha?"

"Iwe, usandivute. Tiye kunyumba."

Musaganize kuti zinayenda ngati madzi a mumpopi. Batire lathunthu silinkabweretsa zambiri ngati mtovu wosungunula, ndipo mabanja anayenera kuzolowera kudya mochepa. Eni mabwalo awiri anakana. Zakhali anapita kwa mmodzi kasanu ndi kawiri mpaka anavomera. Winayo anamuthira madzi otsukira mbale. Amene anamugonjetsa anali mkazi wake yemwe, amene anatenga ana ake mwakachetechete kukayezetsa, n'kubwera kudzaika pepala la zotsatira pa mbale ya mwamuna wake m'malo mwa chakudya.

Kunatsala dothi, poti mtovu suola. Mphunzitsi anati dothi la pamwamba lichotsedwe, kuya kwa chikhatho chimodzi, koma anachenjeza kuti kukumba pouma kudzautsa fumbi loposa loyamba. Wowotcherera anamangirira kathanki pa wilibala, n'kuikapo paipi yobowolabowola yowaza madzi patsogolo pa okumba. Anthu anaiseka wilibalayo tsiku loyamba. Tsiku lachiwiri ankalimbirana.

Anakumba mabwalo, makonde ndi njira za ana. Dothi loipa linakakwiriridwa m'dzenje loyalidwa bwino lomwe khonsolo inakonza. Anabweretsa dothi latsopano. Zakhali ndi amayi a mumsewumo anayenda nyumba ndi nyumba kuphunzitsana kukolopa ndi nsanza yonyowa m'malo mosesa, kutsuka ana m'manja asanadye, ndi kusiya zovala za kuntchito kuntchito komweko.

Ana makumi asanu ndi limodzi mphambu anayi anayezedwa. Makumi anayi ndi mmodzi anali ndi mtovu wochuluka m'magazi. Patatha chaka anawayezanso, ndipo mwa ambiri unali utatsika kupitirira theka. Chaka chimenecho mumsewumo simunamwalire mwana.

Sindikunamizani kuti zonse zinabwerera mwakale. Kamphepo anatuluka m'chipatala, mawu anabwerera pang'onopang'ono, koma kusukulu amachedwa kugwira zinthu kuposa anzake. Dokotala anawauza makolo ake mosabisa kuti zina mtovu ukatenga subweza. Bambo ake amakhala naye masana aliwonse kumuphunzitsa zilembo, munthu amene kale sankatha kukhala ndi mwana mphindi zisanu.

Lipoti la ntchitoyi litalembedwa, dokotala anakana kuti lituluke ndi maina a anthu amadigiri okha. Pamwamba pake panalembedwa dokotala, mphunzitsi wa za nthaka, mkulu wa zaumoyo, wowotcherera zitsulo, mchimwene uja monga wosonkhanitsa mabatire, ndi Zakhali. Wowotcherera anati akalimata m'shopu mwake kuti makasitomala aleke kumunenerera mitengo.

Anthu ena ochita kafukufuku wa zaumoyo ataliwerenga anabwera kudzaona. Anafunsa mafunso ambiri, ndipo pa funso lililonse dokotala ndi mphunzitsi ankatembenukira kwa Zakhali. Pomaliza anamupempha kuti atsogolere gulu lawo loyenda m'madera. Lero m'gulu lake muli namwino, katswiri wa madzi, wojambula mapu, injiniya ndi loya. Akayamba kukangana, aliyense m'chilankhulo cha ntchito yake, iye amagogoda tebulo n'kunena kuti, "Tanenani moti mayi wamakala amve."

Ofesi anamupatsa, ya mpando wozungulira. Mukapitako simudzamupeza atakhalapo.

Tsiku lina m'mawa kunabwera mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina ya pulayimale ya kutsidya kwa njanji. Anali mayi wotopa, nsapato zili fumbi. Anati ana a m'makalasi awiri akutsokomola osaleka, maso ofiira, ndipo kuseri kwa mpanda kuli anthu owotcha matayala akale kuti atengemo waya.

"Ndapita kuchipatala, akuti iwo amachiza, utsi si wawo. Ndapita ku khonsolo, akuti ndilembe kalata. Ndalemba zitatu. Wina wandiuza kuti ndibwere kwa inu."

Zakhali anali atanyamula kale chikwama.

"Owotcha matayalawo munalankhula nawo?"

"Amenewo? Amenewo ndiwo olakwa!"

"Ndiwonso akudziwa chomwe chili mu utsiwo, nthawi imene amayatsa, ndi amene amawagula wayayo. Tiyambira kwa iwowo. Dokotala timuimbira tili panjira."

"Panopa?"

"Ana aweruka nthawi yanji, mayi? Tiyeni tisanachedwe."

Anatuluka awiriwo, mphunzitsi wamkulu akuthamangira pambuyo.

Tsono inu amene mukuwerenga, mwina chimene mukudziwa mukuchiona chochepa. N'chochepadi. Cha dokotala nacho chinali chochepa, chinathera pa khungu la mwana. Cha mphunzitsi chinathera pa dothi. Cha wowotcherera chinathera pa chitsulo, ndipo payekha chinalakwitsa. Ana a mumsewu uja ali moyo chifukwa munthu mmodzi anayenda wapansi pakati pa anthu amenewa mpaka anakhala pa tebulo limodzi.

Ngati pali chinthu chikukusowetsani mtendere, musachikhalire. Pitani kwa munthu amene ntchito yake si yanu, mumuuze zimene mwaona. Akakusekani, funsani chimene mwalakwitsa, mukonze, mubwerenso. Akakubwezani pakhomo, mukamudikire m'khonde. Choyamba chimene mupange chikhoza kulephera. Yezani, vomerani, yambaninso. Mtima wanuwo musautaye. Pali ana ena kwinakwake amene akudikira kuti inu munyamuke.